Misala Yochita Kuphunzitsa

Mlongo wanga sanali wamisala. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndinawanena kwa amayi, kwa amalume, kwa anesi ndi kwa adokotala, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anawatola. Anali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu, wa Giredi Seveni, wamanyazi, wodziwa masamu kuposa ine amene ndinamubereka kumsana. Zaka zimenezo za chipani chimodzi, pamene shuga ndi mafuta ophikira tinkachita kuimira pamzere, wotumidwa anali iyeyo, chifukwa ankatha kuima padzuwa tsiku lonse osakangana ndi munthu. Ine akanandituma ndikanabwerako ndi ndewu m'malo mwa shuga.

Tinkakhala ku Kanyama, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene madzi ankalowamo mvula ikachuluka. Atate anamwalira iye akukwawa. Amayi ankagulitsa nsomba za kapenta pamsika, ine ndinkasoka mayunifolomu a ana a sukulu pa fakitale ina. Koma wolamula pabanja anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankakhala ku Chawama. Kwathu ku Katete mwinimbumba ndi malume, ndipo mwambo umenewu amayi anakwera nawo basi mpaka ku Lusaka osausiyako ngakhale pang'ono.

Chimene chinachitika n'chachifupi. Pasukulu pawo madesiki anali ochepa, moti wofika mochedwa ankakhala pa buloko ya simenti. Tsiku lina mlongo wanga anakangana ndi mnzake polimbirana malo pa desiki. Mnzakeyo anali mwana wa banja lina la Abemba la kuseri kwathu, mnyamata amene ankadyera mbale imodzi ndi ife kawirikawiri. Anakankhana, mnzakeyo anagwa chagada n'kugunditsa nkhongo pa buloko. Anadzuka, anadzisasa fumbi, anaphunzira mpaka kuweruka. Madzulo anayamba kusanza, ndipo m'mawa mwake anamwalira kuchipatala. Apolisi anadzatenga mlongo wanga ali pampopi, chidebe chisanadzaze n'komwe.

Maliro tinawamvera m'nyumba, chitseko chili chotseka. Amalume analetsa kuti tisapiteko, ati kupita kumaliro n'kuvomera mlandu. Amayi ndi mayi wa malemuyo anali anthu a chimbuya, kuseka kuja kwa Abemba ndi ife a kum'mawa, ankanyozana pamsika tsiku ndi tsiku, wina kunena mnzake za mbewa, winayo za anyani. Koma tsiku limene mnzawo ankaika mwana m'manda, amayi anakhala pamphasa m'chipinda akulirira m'chitenje. Manyazi amenewo ndimawamvabe.

Amalume anagwirapo ntchito yotumidwa mu ofesi ya maloya ena m'tauni, kunyamula mafayilo ndi kuwiritsa tiyi. Kuyambira pamenepo anasanduka loya wa ku tavani. Aliyense wa mlandu wa mbuzi kapena wa mkazi wa mwini ankawagulira chibuku kuti amuunikire, iwo n'kumalankhula chala chili m'mwamba. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndimati mwambi umenewu anaupeka ataona amalume anga.

Anatikhazika pansi ine ndi amayi.

"Mlandu wakupha munthu ni chingwe," anatero. "Mwamva? Chingwe, kundende ya ku Kabwe. Koma boma siipachika munthu ofunta. Ine vinthu ivi naviona na maso yanga. Mwana uyu afunika afunte."

Amayi atangomva mawu akuti chingwe, makutu awo anatsekeka, ndipo sanamvenso china chilichonse kwa wina aliyense.

Patapita masiku kunabwera mayi wina wa ku ofesi yoona za ana olakwa, wovala magalasi, nsapato zili matope okhaokha. Anakhala pa mpando wathu wopendekeka n'kufunsa za khalidwe la mnyamatayo. Amayi atatchula za chingwe, mayiyo anapukusa mutu.

"Mwana wa zaka izi sibamupachika, amai. Ngati anamukankha chabe, lekani akambe vamene vinachitika. Banzake ba mu kalasi banaona. Angayende ku sukulu ya bana olakwa, koma azabwera."

Mtima wanga unakhala pansi koyamba chichitikireni ngoziyo. Koma amalume atabwera n'kuuzidwa, anaseka mpaka kutsokomola.

"Uja adya ndalama za boma. Kuyambira liti nkhuku ifunsa nzeru kuli kabawi? Afuna mwana avomere na pakamwa pake, basi nchito yawo yasila."

Lamlungu lotsatira tinapita tonse atatu kundende kumene ankasunga oyembekezera mlandu. Mlongo wanga anaima kuseri kwa waya, ataonda, maso ali psu chifukwa chosagona. Ine ndinkafuna kumufunsa ngati akudya, koma amalume anandikankhira pambali n'kuyamba sukulu yawo monong'ona. Akakufunsa dzina, seka. Akakufunsa kuti lero ndi lachingati, nena Khirisimasi. Akakufunsa kuti Pulezidenti ndani, nena kuti ndi amayi ako. Usasambe, uzilankhula wekha, uziyang'ana kudenga.

"Ndipo osasiya," anamaliza motero, "mpaka ine nikuuze. Ine neka. Wamva?"

"Ee, bamalume," anayankha, mutu uli pansi.

Pobwerera ndinalephera kupirira. Ndinawauza pamsewu pomwepo kuti akumuphunzitsa mwana bodza limene sangalikwanitse, kuti mayi uja ananena zomveka, kuti ana a kalasi yonse anaona kuti kunali kukankhana chabe. Amalume sanandiyang'ane n'komwe.

"Iwe kasoke mayunifolomu. Ivi ni va amuna."

Amayi ananditsina pamkono. "Usatsutse amalume ako pamsewu. Ufuna mwana wanga amupachike?"

Ndinapempha tsiku ku fakitale n'kupitanso kundende ndekha. Tsiku limenelo mlongo wanga anandiuza nkhani yonse mwadongosolo, kuyambira pamene belu linalira.

"Basisi, nenze kufuna chabe achoke pa malo yanga. Ananyamuka, anaseka, ati mawa nizakubwezera. Manje nikagona nimamumva aniitana."

Ndinamuuza kuti akanene zimenezo kwa amajisitireti monga momwe wandiuzira ine, osawonjezera, osachotsera.

"Nanga bakanipachika? Bamalume banasebenza na maloya. Imwe basisi musoka chabe."

Sananene monyoza ayi, anali ndi mantha. Ndinabwerera kunyumba ndikulankhula ndekha m'njira ngati kuti wophunzitsidwa misala uja ndine.

Tsiku la khoti, kalaliki atawerenga mlandu, mlongo wanga anayang'ana kudenga n'kuseka. Kunali kuseka koipa, kouma, kothera m'misozi. Amajisitireti anaika cholembera pansi n'kulamula kuti amutengere kuchipatala cha amisala, madokotala akamupime ngati mutu wake ukutha kutsatira mlandu. Amalume anagwedeza mutu ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza mayeso.

Mlongo wanga anakhala kuchipatalako milungu ingapo, kenaka anatiitana a pabanja kuti tikafotokoze za kakulidwe kake. Amalume anati ine ndisapite, koma ndinawauza kuti basi si yawo. Chipindacho chinali ndi tebulo limodzi, benchi yathu kukhoma, ndi fungo la mankhwala okolopera. Adokotala anali mlendo wochokera kunja, munthu wofatsa wooneka wotopa, ndipo panja pankadikira mzere wa odwala wofika kukhonde. Chinyanja sankachidziwa, choncho womasulira anali nesi wina wachimuna. Anamulowetsa mlongo wanga atavala zovala zachipatala zazikulu kuposa thupi lake, tsitsi lili nyankhalala.

Mafunso anali omwe aja amalume ananena, ndipo pamenepo pokha ndivomere kuti anali atamvadi zinazake ku ofesi ya maloya. Lero ndi lachingati? Khirisimasi. Kuno ndi kuti? Kumsika. Anamuuza kuti achotse seveni pa handiredi, ndipo mwana amene ankawerengera amayi masamu a pamsika m'mutu anayankha kuti nkhuku.

Kenaka adokotala anatulutsa timatabwa ting'onoting'ono topaka utoto wofiira ndi woyera, n'kumuonetsa chithunzi kuti atisanje mofanana nacho. Apa mlongo wanga anaiwala. Manja ake anangoyamba okha, kutembenuza kathabwa aka, kuika ako, mwachangu ndi mwaudongo monga ankachitira popanga magalimoto a waya. Chithunzicho chinatsala pang'ono kutha. Ndinayang'ana adokotala kuti aone, koma iwo anali ataweramira pa pepala akulemba yankho la nkhuku lija. Amalume anatsokomola. Mlongo wanga anadzidzimuka, anamwaza timatabwa tonse ndi dzanja, tina tinagwera pansi pa tebulo. Ndi pamene adokotala anadzutsa mutu.

Funso lomaliza linali lakuti kodi amamva mawu a munthu amene anzake samumva. Limeneli amalume sanamukonzekeretse. Mlongo wanga anati, "Ee. Mnzanga aniitana." Ndipo analira kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Pa mayankho onse a tsiku limenelo loona linali lokhali. Mwana aliyense amene mnzake wafa chifukwa cha dzanja lake akhoza kumumva kutulo, ngakhale ine ndinkamulota mnyamata uja. Koma pambuyo pa Khirisimasi ndi nkhuku, adokotala analemba nthawi yaitali.

Atamutulutsa, inafika nthawi ya amalume. Anakonza jekete n'kuyamba. Ati mwanayu anagwa kumsana ali khanda. Ati chiyambire ubwana amalankhula yekha kuseri kwa nyumba. Ati agogo ake kumudzi ankachita kuwamangirira kumtengo mwezi ukakhala. Agogo amenewo ine ndinawaona, anali mkulu wa mpingo, anafa ndi chifuwa ali ndi nzeru zawo zonse. Nesi anafunsa amayi ngati zinali zoona, ndipo amayi anavomera ndi mutu osadzutsa maso.

Ndinaimirira.

"Bodza! Zonsezi bodza! Amuphunzitsa ndi awa, ine ndinalipo. Mwana uyu ndi wabwinobwino. Mubwezereni timatabwa tija awa atatuluka panja, muone!"

Nesi anamasulira mawu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ndinanena. Adokotala anandiyang'ana mwachifundo n'kuyankha motsitsa mawu.

"Bakamba ati bamvesesa, basisi," anatero nesiyo. "Babululu bambiri sibavomera kuti m'bale wawo adwala. Vimamvesa nsoni."

Ndinamenya tebulo. Sindikumbukira zonse zimene ndinanena, koma ndikudziwa kuti mawu anga anamveka mpaka kukhonde. Amalume anatambasula manja mofatsa n'kuuza nesi uja kuti, "Mwaona? Na uyu nayeve. Vili mu magazi." Nesi anamasulira mawu amenewo onse, osasiyako, ndipo adokotala analembanso. Ananditulutsa atandigwira pamkono. Ndinapita kukapulumutsa mlongo wanga, ndinathera kukhala umboni wa misala ya pamtundu.

Adokotala aja sindiwaimba mlandu kwambiri. Anali ndi mwana woseka m'khoti, malume wa jekete wofotokoza bwino, mayi wovomera, ndi mtsikana mmodzi wokuwa. Mkwiyo wanga uli pa ife eni ake, amene tinanyamula mwana wathu ndi manja athu.

Titabwerera kukhoti, anati mnyamatayo sangathe kudziyankhira mlandu, choncho asungidwe kuchipatala komweko mpaka Pulezidenti adzalamule zina. Amalume anatuluka akuwomba m'manja. Madzulo amenewo anagulira anzawo chibuku ku tavani, akuuza aliyense kuti chingwe tachidumpha. Ine ndinatsatira mayi wa magalasi uja pabwalo la khoti n'kumufunsa kuti mlongo wanga atuluka liti. Anavula magalasi n'kundiyang'ana ndi mkwiyo womwe unali wanga.

"Kulibe tsiku, mwana wanga. Wa ku sukulu ya bana olakwa amaziba tsiku yake. Uyu alibe. Ninakuuzani."

M'mawa wina ndinakumana pampopi ndi mayi wa malemu uja. Ndinafuna kubwerera, koma anandiitana.

"Uja mwana nimuziba, anakulira pakhomo panga. Si ofunta. Ine nenze kufuna chabe aimirire mu khoti aniuze mwamene mwana wanga anagwera. Manje nizamvera kuli ndani?"

Ndinamuuza zimene mlongo wanga anandiuza kundende, zoti anadzuka n'kuseka n'kunena kuti mawa nizakubwezera. Anamvetsera, anasenza chidebe chake n'kupita. Ndi amayi sananyozanenso za mbewa ndi anyani.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso n'kutha. Amayi anagwada kwa atcheyamani a chipani a m'dera lathu kuti awafikitsire mawu kumtunda, atcheyamani n'kuwauza kuti ayambe aonetsa khadi la chipani. Anagula khadi, anavala chitenje cha chipani, anakwera malole opita kukavina kubwalo la ndege, poganiza kuti mwina tsiku lina adzaima pafupi ndi Pulezidenti n'kunena mawu awiri. Ankabwerako ndi mapazi otupa basi. Ine ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Uku ati fayilo ili kuchipatala, kuchipatala ati akudikira akuluakulu akhale pansi, akuluakuluwo sindinawaonepo nkhope.

Chimene chinanditsiriza ndi mnyamata wina wa ku komboni ya George amene anabaya mnzake ndi mpeni pa ndewu ya mpira, chaka chomwecho cha mlandu wathu. Iye anavomera m'khoti, anapita kusukulu ya ana olakwa, ndipo tsiku lina ndinamupeza pamsika akugulitsa mipando yokhoma yekha. Ukalipentala anauphunzira komweko. Ndinaima n'kumayang'ana mipandoyo mpaka anandifunsa ngati ndigula.

Nthawi yonseyi, tikapita kukamuona, mlongo wanga ankayang'ana kumbali n'kuyankha pang'onopang'ono. Ine ndinkati akusungabe lamulo la amalume. Ndinawachonderera amalumewo kangapo kuti apite akamumasule ndi pakamwa pawo, popeza anati iwo okha ndiwo adzamuuze. Ankakana, ati akasiya msanga amubwezera kukhoti. Kuchipatalako anapitako kamodzi kokha, ati fungo la kumeneko limawadwalitsa mutu.

Kenaka ndinamva kuti akubwerera ku Katete kukalima, ati Lusaka yawatopetsa. Ndinathawa ntchito masana n'kuwapeza pa siteshoni ya basi atakhalira thumba lawo la katundu. Ndinaima patsogolo pawo, anthu akuona.

"Amalume, mukupita. Nanga mwana uja munamutsekera mumusiyira yani?"

"Ali moyo, si ndiye? Ufuna chani?"

"Ndifuna mawu anu. Munati asasiye mpaka inu mumuuze. Nenani, ndikamuuze."

Anayang'ana uku ndi uku, manyazi a anthu atawagwira, n'kukupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

"Kamuuze asiye."

Mawu awiri amenewo ndinawanyamula mosamala ngati mazira. Ndinaganiza kuti akangosiya, anesi aona, adokotala amupimanso, amupatsanso timatabwa tija popanda wotsokomola, ndipo fayilo iyenda. Lamlungu masana ndinaphika tiyi, ndinamuthira m'botolo, ndinagula mabanzi n'kukwera basi ndekha.

Mlongo wanga anatuluka m'wodi akuyenda mokwekweza mapazi, mikono ili chilili m'mbali osagwedezeka. Anali atatalika kundiposa, ndevu zitayamba kumera. Tinakhala pa benchi pansi pa mtengo. Manja ake ankanjenjemera pamaondo, ndipo malovu ankatsikira pakona ya mlomo. Ndinamupukuta ndi chitenje n'kumugwira paphewa.

"Amalume apita kumudzi. Ndawapeza pa basi, anena ndi pakamwa pawo kuti usiye. Zatha tsopano. Siya."

Anatembenuza khosi pang'onopang'ono mpaka maso ake anapeza anga. Lilime linkamulemera.

"Basisi, ninasiya kudala. Ninabauza banesi kuti nenze kunama, nili chabe bwino. Banakamba ati bonse muno bakamba so. Bananionjezera mankhwala."

Anayang'ana manja ake akunjenjemera.

"Ivi sindine nichita."

Ndinathira tiyi m'kapu n'kumupatsa. Anayesa kuinyamula, tiyi anatayikira pa zovala, choncho ndinamugwirira kapuyo pakamwa mpaka anamaliza.

Mlongo wanga anatuluka kuchipatala kuja amayi atamwalira kale, ine ndili ndi ana opita kusukulu. Amakhala kwanga. Kapu ya tiyi ndimamugwirirabe mpaka lero.